Kutumiza Makobili pa Positi

Amai, mwina mwana wanu wokhala ku London wapempha makobili akale kuti aonetse adzukulu anu, monga ngwee za mu 1968, caka cimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Conde musangowaponya mu envulopu. Kumaiko akunja makalata amadutsa m'makina owasankha, ndipo khobili loyendayenda limaboola pepala, envulopu n'kufika yopanda kanthu.

Yambani mwafunsa ku positi ofesi, pakuti maiko ambiri salola makobili m'kalata wamba. Akavomera, kulungani khobili lililonse palokha m'kapepala kuti asakhulane. Kenaka aikeni pakati pa zidutswa ziwiri za katoni ndi kumata selotepi m'mbali monse, koma isakhudze citsuloco cifukwa imacithimbiritsa. Ndipo inu okonda ukhondo, musawatsuke ndi phulusa ngati mapoto! Kwa anthu osunga makobili akale, khobili lotsukidwa limatsika mtengo.

Mukamanga, gwedezani phukusilo pafupi ndi khutu. Likalira, masulani mumangenso, cifukwa wakuba nayenso ali ndi makutu. Litumizeni mwa lejisitala, lembani zoona pa fomu ya kasitomu, ndipo sungani lisiti kufikira mwana atakuuzani kuti walandira.

Koma ngati ndi ndalama zogulira sopo, tumizani pa foni.