Nthaka Ikagwedezeka: Mafunso ndi Mayankho pa Wailesi

Wowulutsa: Makalata ndi mauthenga a pafoni achuluka sabata ino, ndipo ambiri akufunsa za chivomerezi.

Katswiri: Tiyeni tiyambepo, mulu wa makalatawo ndikuuona.

Wowulutsa: Yoyamba yachokera kwa mnyamata wa Fomu 3 ku Balaka. Akufunsa kuti chivomerezi chachikulu koposa chinachitikira kuti.

Katswiri: Ku Chile, kufupi ndi mzinda wa Valdivia, pa 22 Meyi 1960. Chinafika 9.5 pa sikelo, ndipo chiyambire kuyeza ndi makina palibe china chimene chafikapo pamenepo. Mafunde amene chinautsa anawoloka nyanja yonse ya Pacific mpaka kukapha anthu ku Hawaii ndi ku Japan. Lemba zimenezo mwanawe, mwina zidzabwera pa mayeso.

Wowulutsa: Mayi wina wa ku Lilongwe akuti alandira uthenga pa WhatsApp wonena kuti Lachisanu usiku kubwera chivomerezi. Kodi ana agone panja?

Katswiri: Mayi, gonekani ana m'nyumba, panjapo pali udzudzu. Ndanena kangati kodi? Palibe munthu kapena makina amene angatchule tsiku ndi ola la chivomerezi. A ku Japan, ndi nzeru zawo zonse, makina awo amangochenjeza kwa masekondi ochepa nthaka itayamba kale kusweka. Pa 11 Malichi 2011 chinawagwera cha 9.0, mafunde n'kusesa matauni a m'mphepete mwa nyanja ndi kuwononga malo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima. Ndiye wokulemberani uthengayo wawaposa iwowo? Fufutani, musatumizire wina.

Wowulutsa: Msodzi wa ku Mangochi akufunsa kuti tsunami n'chiyani.

Katswiri: Ndi mafunde obadwa pansi pa nyanja pamene nthaka yakumeneko yatukuka mwadzidzidzi n'kukankha madzi onse. Pa 26 Disembala 2004 zinatero kufupi ndi chilumba cha Sumatra ku Indonesia, ndipo anthu pafupifupi 230,000 anafa m'mayiko 14. Mafundewo anafika ngakhale ku Somalia ndi ku Tanzania. M'malo ena madzi anayamba abwerera kaye m'kati, anthu n'kuthamangira kukatola nsomba pamchenga. Achimwene, mukadzaona madzi akuthawa gombe modabwitsa, inu thawirani kumtunda.

Wowulutsa: Iyi yachokera kwa aphunzitsi a ku Nkhotakota. Akuti ana a m'kalasi mwawo anawafunsa chifukwa chimene chivomerezi cha ku Haiti chinaphera anthu ambiri kuposa cha ku Chile, pamene cha ku Chile ndicho chinali chachikulu.

Katswiri: Eya! Aphunzitsi, anawo mukawagulire maswiti, funso lake ndi limeneli. Zonse ziwiri ndi za mu 2010. Pa 12 Januwale cha 7.0 chinagwedeza Port-au-Prince, likulu la Haiti, ndipo akufa anapitirira 100,000. Pa 27 Febuluwale cha 8.8 chinagwedeza Chile, akufa n'kukhala oposa 500 pang'ono. Musanamizidwe ndi manambalawo kuti ayandikana. Pa sikelo imeneyi, kukwera ndi nambala imodzi ndiye kuti mphamvu yachuluka pafupifupi ka 32, choncho cha ku Chile chinaposa chinzakecho ka 500. Zoona, cha ku Haiti chinaphulikira pafupi ndi mzinda wothithikana, komanso chinali chosazama. Koma nkhani yaikulu ndi nyumba. A ku Chile anapsa kale, anakhwimitsa malamulo a kamangidwe ndipo amawatsata. Ku Haiti anthu ankasanjikiza mabuloko osakhwima, zitsulo zochepa, denga la konkire lolemera pamwamba. Mukaima pabwalo poyera, nthaka ikhoza kukugwetsani, mudzuka n'kusasa fumbi. Chimene chimapha munthu ndi khoma.

Onani ku Turkey ndi Syria pa 6 Febuluwale 2023. Cha 7.8, mbandakucha anthu ali m'tulo, anthu oposa 50,000 anapita. Nyumba zosanjikizana zinaphwasukira pansi ngati mbale zounjika, zina zoyandikana nazo zili chiimire. Zaka za m'mbuyomo boma la Turkey linkakhululukira nyumba zomangidwa mozemba malamulo, mwini wake akangolipira ndalama. Pepalalo linalipo, koma chivomerezi sichiwerenga mapepala. Chaka chomwecho, pa 8 Seputembala, ku Morocco cha 6.8 chinapha anthu pafupifupi 3,000, ambiri m'midzi ya m'mapiri a Atlas, m'nyumba za zidina ndi miyala. Mwamva? Zidina.

Wowulutsa: Bambo, tili ndi makalata enanso...

Katswiri: Pang'ono mayi, ndimalize kaye apa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nyanja yathu ya Malawi ili m'chigwa chachikulu chimene chachokera kumpoto, ku Ethiopia, kumene nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono. Akuluakulu a ku Salima akukumbukira za mu Malichi 1989. A ku Karonga sadzaiwala Disembala 2009, pamene nthaka inkagwedezeka mobwerezabwereza kwa masabata, anthu n'kumagona m'matenti mvula ili mkati.

Nditapita kumeneko ndinapeza bambo wina atakhala pa mulu wa njerwa, dzanja lili patsaya. Anandigwira mkono nati, “Bwana, njerwazi zinali zootcha, ndinawotcha ndekha.” Ndinatola imodzi, inalidi yolimba, yolira ngati belu. Koma pakati pake anamangira dothi, khoma lopyapyala, m'makona njerwa zosalumana, pamwamba popanda bimu. Gebulo ndiye anayamba kugwa, mwayi wake anagwera kunja. Sindinawadzudzule, munthu ali pa chisoni sumuwerengera zolakwa. Koma inu amene simunamange, ndikudzudzulani lero.

Mumakangana ndi mmisiri pa thumba limodzi la simenti, koma ya matailosi ndi penti yokometsera kumaso mumaipeza. Thumba limodzi mukufuna limeze mawilibala a mchenga osawerengeka, pulasitala wake ukakanda ndi chikhadabo akuyoyoka. Bimu, lamba uja wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mazenera, ndiye amagwira makoma kuti agwedezeke pamodzi, osati lililonse kwake. Mmisiri akakuuzani kuti bimu ndi kutaya ndalama, musakeni wina. Konkire muzimuthirira madzi kwa sabata yathunthu kuti akhwime. Ndipo inu a m'tauni amene mukusanjika chipinda pamwamba pa nyumba imene maziko ake anakumbira nyumba yapansi, amene adzagone mmenemo ndi ana a eni ake, alendi anu. Kwa amene simenti simungaikwanitse, musataye mtima: nyumba yaifupi, makoma onenepa, zipinda zazing'ono, mazenera otalikira ku makona, denga lopepuka. Imeneyo imapirira kuposa chinyumba chonyadira chopanda mafupa.

Wowulutsa: Nthawi yatithera, bambo. Komaliza, agogo a ku Rumphi akufunsa chochita chikayamba.

Katswiri: Agogo, gwadani pansi, lowani kunsi kwa tebulo kapena bedi lolimba, tetezani mutu, gwiritsitsani mwendo wa tebulolo. Mukakhala panja, talikirani makoma, mipanda ya njerwa ndi mawaya a magetsi. Chikaleka, tulukani, zimitsani mbaula, ndipo musabwererenso m'nyumba yong'aluka kukatenga katundu. Ku Turkey kuja, patangopita maola pafupifupi 9, kunabwera china cha 7.5 n'kugwetsa zimene zinatsala zili lendelende.

Wowulutsa: Omvera, pitirizani kutilembera, tidzakumanenso sabata ya mawa.

Katswiri: Ndipo amene mwafika pa lintala sabata ino, musakhome malata bimu asanaikidwe. Ndidzafunsanso.