Zipinda za madzi m'ubongo

Nsomba, cule, njoka, nkhuku, mbuzi ndi munthu n'zosiyana maonekedwe, koma zonse zili ndi fupa la msana. Zimafanananso pa cinthu cina: m'kati mwa ubongo wao muli zipinda zodzaza ndi madzi. M'Cipwitikizi zipindazi amati ventrículos.

Ciyambi ca ubongo

Ubongo umayamba ngati kacubu. Pamsana pa mluza pamakhala kakhungu kopyapyala. M'mbali mwake mumatukuka, mumapindika ndi kukumana pamwamba, monga mmene amapindira mphasa. Pakati pamatsala mphako ngati ya bango. Kwa munthu, kacubuka kamatsekeka pa masiku pafupifupi 28 kucokera pamene mai watenga pathupi.

Kumutu kacubuka kamatupa malo atatu, kenaka asanu. Makoma ake amakhuthala n'kusanduka ubongo. Mbali ya kumbuyo imasanduka mtsempha waukulu wa mumsana. Mphako ija simatha. Ndiyo imakhala zipinda za madzi.

Madziwo amathandiza ubongo kukula. Akaculuka amakankha makoma monga mpweya ukankhira mpira. M'caka ca 1977, akatswiri awiri, Desmond ndi Jacobson, analowetsa kacubu kakang'ono m'ubongo wa mluza wa nkhuku kuti madzi azituluka. Ubongowo sunakule bwino.

Kusiyana kwa nyama

Nsomba monga cambo ca m'nyanja ya Niassa zimayamba mosiyana. Poyamba pamakhala kandodo kopanda mphako, ndipo mphako imatseguka pambuyo pake. Kutsogolo kwa ubongo makoma amapindikira kunja ngati buku lotsegulidwa. Motero pamakhala cipinda cimodzi pamwamba, cophimbidwa ndi kakhungu kopyapyala.

Kwa cule, njoka, mbalame ndi nyama zoyamwitsa, mbali ya kutsogolo imatupa kumanja ndi kumanzere. Pamapangika zipinda ziwiri, cina uku cina uko.

Nkhuku imafulumira. Dzira limaswa pa masiku 21, koma pa tsiku laciwiri nkhuku itayamba kufungatira, malo atatu otupa aja amakhala ataoneka kale.

Palinso kusiyana pakati pa ubongo. Nsomba ndi mbalame zili ndi cipinda cotakata pamenepo. Kwa mbuzi ndi munthu, makoma amakhuthala kwambiri mpaka pamangotsala kangalande kopapatiza.

Zipinda za munthu

Munthu ali ndi zipinda zinai. Ziwiri zazikulu zili kumanja ndi kumanzere. Cacitatu cili pakati. Cacinai cili kumunsi, ca kunkhongo. Kangalande kaja ndiko kamalumikiza cacitatu ndi cacinai.

Madzi amapangidwa m'zipindamo kucokera m'magazi. Ndi oyera mbee. Amayenda kucoka m'zipinda ziwiri zija, kulowa m'cacitatu, kudutsa m'kangalande, kufika m'cacinai. Kenaka amatuluka, kuzungulira ubongo ndi mtsempha wa mumsana, n'kubwerera m'magazi. Munthu wamkulu amakhala ndi mamililita pafupifupi 150 a madziwa, koma thupi limapanga pafupifupi theka la lita tsiku lililonse. Madziwa amateteza ubongo mutu ukagunda, ndiponso amacotsa zosafunika.

Njira ikatsekeka

Nthawi zina njira ya madzi imatsekeka. Mwana atha kubadwa nalo vutoli, kapena limabwera pambuyo pa matenda a m'ubongo. Madzi amapitirira kupangidwa koma amasowa potulukira. Popeza mafupa a mutu wa khanda sanalumikizane, mutu umakula msanga, liwombo limatupa, ndipo maso amayang'ana pansi. Umenewu si ufiti ndipo si tsoka la mai. Mwana wotere apite naye ku cipatala msanga. Madokotala amatha kuika kacubu kotenga madzi kucokera m'mutu kupita m'mimba.

Nthawi zinanso kacubu ka mluza sikatsekeka bwino, ndipo mwana amabadwa ndi cotupa pamsana. Vitamini wochedwa ácido fólico amacepetsa vutoli. Amapezeka m'nyemba, m'ntedza, m'ndiwo zamasamba ndi m'mapiritsi a ku cipatala. Kacubuka kamatsekeka amai ambiri asanadziwe kuti ali ndi pathupi. N'cifukwa cake vitaminiyu amafunika mai asanaime ndiponso m'miyezi yoyambirira.

Mau atsopano

Mluza: camoyo cimene cangoyamba kupangika m'dzira kapena m'mimba.
Liwombo: malo ofewa pamwamba pa mutu wa khanda.

Mafunso

1. Kodi ubongo umayamba ngati ciani?
2. Kodi ciyambi ca ubongo wa cambo cimasiyana bwanji ndi ca munthu?
3. Fotokozani njira imene madzi amayendamo m'ubongo wa munthu.
4. Kodi makolo acite ciani akaona kuti mutu wa khanda ukukula msanga?

Nchito

Tengani pepala. Pindani m'mbali mwake mpaka zikumane. Sonyezani mnzanu khoma ndi mphako, ndipo nenani cimene ciliconse cimasanduka.