Udzu ndi zokolola za barele: mafunso a omvera

Barele ndi mbewu ya m'banja limodzi ndi tirigu. Ku Ethiopia ndi chakudya cha anthu a kumapiri, pamene ku Zambia amalimidwa m'nyengo yozizira pa mthirira, m'mafamu aakulu monga a ku Mkushi, ndipo kampani ya Zambian Breweries imamugula kuti ipangire chimera cha mowa. Makalata a sabata ino akufunsa za udzu m'munda wa mbewu imeneyi.

Funso: Poti barele amadzalidwa mothithikana, kodi udzu ungamugonjetse?

Yankho: Ungathe. N'zoona kuti barele amapirira udzu kuposa tirigu, chifukwa amakula msanga, amatulutsa mphukira zambiri, ndipo masamba ake sachedwa kuphimba nthaka. Koma mphamvu imeneyi imabwera mbewu itakhazikika. Kuyambira pomera mpaka pamene mphukira zikutuluka, barele amakhala wanthete, ndipo udzu umamulanda chinyezi, kuwala ndi feteleza. Mphukira imene yakanika kutuluka nthawi imeneyo ndi ngala imene sidzaoneka pokolola. Mlimi wopopera mochedwa amayeretsa munda, koma ngala zotayikazo sizibwerera. N'chifukwa chake ku Ethiopia, kumene ambiri amazula udzu ndi manja, alangizi amalimbikitsa kuyamba kuzula mbewu ikadali yaing'ono.

Funso: Ndi udzu uti umene umavuta kwambiri?

Yankho: Zomera za masamba otambalala, monga chisoso, bonongwe ndi soya wongomera yekha m'munda momwe munali soya dzinja lapitalo, sizivuta kwenikweni. Mankhwala a 2,4-D kapena MCPA amazipha n'kusiya barele ali bwinobwino, bola apoperedwe mbewu ikutulutsa mphukira, isanayambe kutalika phesi. Akapoperedwa pa nthawi yolakwika, ngala zimatuluka zopindika.

Vuto lenileni ndi udzu wofanana ndi barele yemweyo, makamaka wotchedwa wild oats ndi ryegrass. Ukadali waung'ono n'kovuta kuusiyanitsa ndi mbewu, ndipo khasu sililowa bwino m'mizere yoyandikana chonchi. Wild oats amayoyola njere zake mlimi asanakolole, njerezo n'kukhala m'nthaka zaka zingapo zikumera pang'onopang'ono. Mankhwala a pinoxaden amapha udzu umenewu osavulaza barele. Apa alimi ozolowera tirigu ndi amene amalakwitsa: clodinafop, amene amagwira bwino m'munda wa tirigu, amawononga barele. Chimene chalembedwa pa botolo chiyenera kuwerengedwa mankhwala asanathiridwe m'thanki. Tirigu wongomera yekha ndiye wovuta kumupha ndi mankhwala pakati pa barele, choncho mbewu ziwirizi zisatsatizane m'munda umodzi.

Funso: Mankhwala amene ankagwira kale, lero sakuphanso udzu. Kodi ndi achinyengo?

Yankho: Nthawi zina vuto limakhala muyezo wochepa kapena kupopera udzu utakhwima. Koma udzu umathanso kupima mankhwala ngati mtundu umodzi ukugwiritsidwa ntchito chaka ndi chaka: wochepa umene wapulumuka ndi umene umabala njere. Ku Australia, ryegrass wosafa ndi glyphosate anapezeka mu 1996, ndipo alimi a barele ku Western Cape, m'dziko la South Africa, akulimbana ndi vuto la mtundu womwewu. Kumeneko amachita kasinthasintha wa barele ndi mbewu za masamba otambalala monga canola, kuti athe kusintha mankhwala. Mbewu yoyera yopanda njere za udzu, kudzala mbewu yokwanira pa hekitala ndi kuyeretsa makina okololera zimathandizanso.

Funso: Kodi udzu umakhudza mtengo?

Yankho: Umakhudza. Opanga chimera amafuna njere zonenepa, zofanana kukula ndi zouma bwino. Barele wokulira m'tchire amabala njere zofwapa, ndipo udzu wauwisi wolowa m'makina pokolola umakweza chinyezi cha zokololazo. Barele amene wakanidwa ku fakitale ya chimera amagulitsidwa ngati chakudya cha ziweto, pa mtengo wotsika.