KAKHALIDWE KA WOKWERA PA NJINGA YAMOTO YA MAGUDUMU ATATU

M'madera ambiri a kumidzi anthu opita ku chipatala ayamba kudalira njinga zamoto za magudumu atatu. Zina zili ndi gudumu limodzi kutsogolo ndi aŵiri kumbuyo, monga za Bajaj zochokera ku India ndi zija zonyamula katundu. Zina ndi njinga wamba zomangiriridwa kangolo kumbali, monga ambulansi za eRanger zimene wodwala amagonamo.  Kafukufuku wofalitsidwa mu 2008, wochitika pa zipatala za Makanjira, Mase ndi Phirilongwe m'boma la Mangochi, anasonyeza kuti ambulansi zoterezi zinachepetsa nthaŵi yochedwa kutumiza amayi oyembekezera ku chipatala chachikulu ndi maola 2 mpaka 4 ndi theka. Mayi amene akutaya magazi pobereka angapulumuke kapena kutayika m'maola omwewo.

Koma pali maganizo olakwika amene afala, akuti njinga ya magudumu atatu singagwe chifukwa imaima yokha. Ikaima ndi zoona. Ikamayenda nkhani ndi ina. Njinga ya magudumu aŵiri imapendekera komwe ikukhotera, ndipo wokwera amangopendekera nayo limodzi. Aliyense wozoloŵera kabaza amachita zimenezi osaganizira. Ya magudumu atatu siipendekera. Ikamakhotera kumanja, thupi la wokwera limakankhidwira kumanzere, monga momwe madzi a m'ndowa amakhavukira mbali imodzi ngolo ikakhota mwadzidzidzi. Liŵiro likakhala lalikulu, gudumu la mkati mwa ngodya limanyamuka, ndipo njinga imagubudukira kunja.

Motero wokwera ayenera kuyang'ana msewu kutsogolo kuti aone ngodya isanafike. Njinga ikamakhotera kumanja, iye apendeketse thupi pang'ono kumanja, apondetse phazi lakumanzere pansi mwamphamvu, nagwiritse chitsulo chogwirira. Ikamakhotera kumanzere achite chimodzimodzi mbali inayo. Asagwire mapewa kapena manja a woyendetsa, pakuti chiwongolero cha njinga yotere chimafuna mphamvu, ndipo kumukoka mkono ndiko kumulanda chiwongolerocho. Pa njinga ya kangolo ngozi imakula pokhotera mbali imene kuli kangoloko, chifukwa ndipo pamene gudumu lake limanyamuka. Wodikirira wodwala wokhala kumbuyo kwa woyendetsa apendekere ku kangoloko.

Katundu wolemera, monga thumba la ufa kapena chigubu cha madzi, aikidwe pansi ndiponso pakati, amangidwe kuti asasunthe. Anthu akakhala aŵiri kapena atatu, onenepa asaunjikane mbali imodzi. Chizoloŵezi chokhala pamwamba pa matumba a chimanga, kapena m'mphepete mwa ngolo miyendo ili lendelende, ndi choipa kwambiri, ngakhale kuti chimaoneka pafupifupi tsiku lililonse la msika. Kulemera kukakwera m'mwamba njinga siichedwa kugubuduka.

Za mabampu nazo n'zofunika kuzidziŵa. Njinga ya magudumu aŵiri imaponda mzere umodzi, choncho woyendetsa amazemba maenje mosavuta. Ya gudumu limodzi kutsogolo imaponda mizere itatu. Dzenje limene gudumu lakutsogolo lalizemba, limodzi la kumbuyo limagweramo, ndipo wokhala kumbuyo ndiye amamva kugogoda m'msana. Wokwera akhale pa bulangete lopinda, mapazi onse aŵiri atapondetsa, maondo atapinda pang'ono kuti miyendo ilandireko kugwedezekako. Kuumitsa thupi ngati mtengo kumangotopetsa msana ndi khosi. Amene amachita nseru pa ulendo asadye kwambiri ponyamuka, ndipo aziyang'ana patali, osati pansi.

Mayi woyembekezera wa miyezi yotsiriza, akanyamulidwa chogona, agonere kumanzere. Akagona chagada, chiberekero chimapsinja mtsempha waukulu wobwezera magazi ku mtima, ndipo iye amamva chizungulire pamene mwana amalandira magazi ochepa. Malamba a pa machira amangidwe ngakhale ulendo ukhale waufupi. Mwana wakhanda asaberekedwe kumbuyo, kumene mutu wake ungagunde chitsulo mayi osaona. Afungatidwe pachifuwa ndi chitenje chomanga bwino, mutu utachirikizidwa, ndipo afunditsidwe, chifukwa mphepo ya pa njinga imaziziritsa khanda msanga ngakhale kunja kuli dzuŵa. Wodwala wofooka kapena wakhunyu asakhale kumphepete, koma pakati, wina atamugwira.

Chisoti cholimba cha njinga yamoto chivalidwe paliponse pamene wokwera ali pamtetete. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, likuti chisoti chovalidwa moyenera chingachepetse ngozi ya kuvulala ubongo kufikira pa 74 mwa 100. Mawu oti "moyenera" asaiŵalike: chisoti chosamanga lamba pachibwano chimavuka munthu asanafike n'komwe pansi. Kashawa ya omanga nyumba siloŵa m'malo mwake.

Zovala nazo zavulaza ambiri. Nsonga ya chitenje, mpango kapena mkanjo ikakodwa mu tcheni kapena m'masipoko, imakoka munthu mwamphamvu, ndipo mpango wa m'khosi ungathe kumupotola. Nsalu yonse ikulungidwe ndi kupanikizidwa pakati pa miyendo njinga isananyamuke. Nsapato zomanga n'zabwino kuposa patapata. Pokwera ndi potsika, njinga iyambe yaima kotheratu, ndipo wokwera atsikire kumanzere, kutali ndi magalimoto, atayang'ana kumene kuli paipi ya utsi.

Paipi imeneyi imatentha kwa nthaŵi ndithu injini itazimitsidwa, ndipo kaŵirikaŵiri imaotcha katumba ka mwendo, makamaka ana. Bala lotere lithiridwe madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, kenaka liphimbidwe ndi nsalu yoyera. Lisapakidwe mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira kapena phulusa, ndipo matuza asaboolede. Bala likakula kuposa chikhatho cha wopsayo, likakhala pa mwana wamng'ono, kapena likayamba kutulutsa mafinya, munthuyo aonedwe ku chipatala tsiku lomwelo.