Dziwani ufulu wanu: nyimbo ndi chuma cha mwini wake

Malinga ndi lamulo la umwini wa luso la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1989, nyimbo imakhala ya woipeka kuchokera tsiku lomwe waipeka. Mnyamata woimba banjo padoko la Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ali ndi ufulu wofanana ndi wa oimba otchuka a ku Blantyre. Umwiniwu umakhalapo moyo wake wonse, ndipo akamwalira, abale ake amapitiriza kupindula nawo kwa zaka 50.

Ndalama za eni nyimbo zimatoleredwa ndi bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992. Wailesi, malo omwera mowa ndi ogonako alendo akamaika nyimbo, amayenera kulipira chiphaso, ndipo COSOMA imagawira eni nyimbo ndalamazo. Apa ndi pomwe oimba akumudzi amaluza kwambiri: amene sanalembetse kubungweli salandira kanthu, ngakhale nyimbo yake itamveka m'mabala onse a pa Jali.

Woimba wopita ku studio asasaine pepala lomwe sanalimvetse, chifukwa mwina akugulitsa umwini wonse pamtengo wa kujambula kamodzi. Pangano loimba paukwati lilembedwe, mtengo ndi tsiku lolipira zioneke poyera.