Lamulo ndi Chuku cha mu Mtedza

Mu February 2024, bungwe la boma loteteza ogula ku South Africa linalengeza kuti mitundu ingapo ya chiponde ichotsedwe m'masitolo popeza inali ndi aflatoksini wopyola muyeso. Chiphe chimenechi chimachokera ku chuku chotchedwa Aspergillus flavus, ndipo chimayambitsa khansa ya m'chiwindi. Kukazinga mtedza sikuchithetsa.

Komatu lamulo limagwira mtedza wokhawo umene wafika pamsika. Woola umene wasankhulidwa kawirikawiri umatsalira pakhomo, nusinjidwa kukhala nsinjiro zothira m'phala la ana.

Choncho alangizi aphunzitse alimi kukumba mtedza panthawi yake, kuumitsa mokwanira, kusawaza madzi pouswa, ndiponso kukwirira woolawo m'malo modya kapena kupatsa ziweto.