Za Kumanga Dooko la Sitima

Ife a ku Ntcheu tiri anthu a kumapiri, ndipo ambiri a ife sitinaone dooko la sitima ndi maso athu. Koma njanji imene idzera m'chigwa cha Bwanje, pa Bilila ndi pa Sharpevale, ndiyo yomwe idafika ku Chipoka ndi ku Salima m'chaka cha 1935, kuti sitima ya pamtunda ikomane ndi sitima ya pamadzi. Chifukwa chache kuyenera kuti tidziwe zinthu zitatu zimene amisiri ayamba alingalira asanaike mwala woyamba.

Choyamba ndicho kuya kwa madzi. Sitima yolemedwa ndi katundu imira kwambiri, ndipo ikakhudza mchenga siingathe kukocheza. Tsono nyanja yathu siikhala pamodzimodzi zaka zonse. Kuyambira 1915 kufikira 1935 madzi adachepa kotero kuti mtsinje wa Shire udaleka kutuluka m'nyanja, koma m'chaka cha 1980 adakwera koposa. Mmisiri woyesa madzi a chaka chimodzi chokha adzamanga dooko limene mawa lidzatsala pouma, kapena lidzamira. Inde, pa Chipoka pomwe zakhalapo zaka zimene sitima zazikulu zidalephera kukocheza chifukwa cha kuchepa kwa madzi.

Chachiwiri ndicho mphepo. M'nyengo ya chisanu mwera uomba kuchokera kumwera, nuutsa mafunde akulu. Mphamvu ya namondwe wa panyanja pano tidaiona pa 30 July 1946, pamene sitima ya Vipya idamira kumpoto ndi anthu 145. Chotero dooko lifunika pamalo pobisika. Ku Monkey Bay mapiri atchinjiriza madzi, ndipo kumeneko ndiko adalumikiza sitima ya Ilala, imene zitsulo zache zidachokera ku Scotland, niyamba ulendo m'chaka cha 1951. Pamene palibe phiri, amisiri ayenera kuunjika miyala m'madzi ngati linga, ndipo nchito yotere idya ndalama zambiri.

Chachitatu ndicho mtunda wa kuseri kwa dooko. Pafunika malo a njanji ndi mseu, nyumba zosungiramo katundu, ndi makina onyamula mabokosi olemera. Pafunikanso kusiyira asodzi pokocheza mabwato ao, ndi amai potunga madzi ndi pogulitsa nsomba, kutali ndi makinawo, kuti ana angaphwetekedwe. Pakuti anthu a pamalopo ndiwo adayamba kukhalapo dooko lisanadze.

Onani tsono kubvuta kwache: Chipoka ali ndi njanji koma madzi ache ndi osadalirika, Monkey Bay ali ndi madzi abata koma alibe njanji. Momwemonso ku nyanja ya mchere, m'dziko la Mozambique, kumene kudzera katundu wathu wochokera kunja. Dooko la Beira liri pa mathiriro a mtsinje wa Pungwe, ndipo afukula matope kawirikawiri kuti sitima zilowe. La Nacala ndi lakuya mwa chibadwidwe, koma njanji yathu siidalumikizidwe nalo kufikira 1970.

Dooko likamangidwa molakwa, katundu achedwa panjira, ndipo mtengo wa feteleza ndi wa mafuta ukwera kufikira m'misika yathu ya ku Tsangano ndi ku Lizulu. Chotero pakumva kuti akulu a boma ali kupangana za dooko, tiyeni tifunse kupyolera mwa mafumu athu: Kodi madzi mwawayesa zaka zingati? Mwera mudzauletsa ndi chiani? Ndipo eni dooko lakale mudzawaika kuti?